Kujambula Bridgnorth, tauni ya pathanthwe m'mbali mwa mtsinje wa Severn

Nachisale:
Moni nonse apagulu. Funso langa likupita kwa amene mumaidziwa bwino Bridgnorth, tauni ija ya ku Shropshire, ku England, m'mbali mwa Severn. Ulendo ndi wa tsiku limodzi pakati pa Okutobala, kuchokera ku Wolverhampton. Zida zilipo izi: kamera ya full frame, lenzi ya 24-70mm, ina ya 70-200mm, tripod ndi polariser (fyuluta yochepetsa kunyezimira). Chofunika ndi chithunzi choonetsa tauni yonse ili pamwamba pa thanthwe, mtsinje uli m'munsi, komanso zakale zenizeni za m'zaka za m'ma 1100. Ndiyambire pati, nthawi yanji, ndipo chimene chimawononga zithunzi kumeneko n'chiyani?

Bambo Jere:
Achemwali, yambani mwagwira mmene tauniyi inakhalira, chifukwa nkhani yonse ya kuwala yagona pamenepo. Pamalopa Severn amayenda kuchokera kumpoto kutsikira kummwera. Tsidya la kumadzulo kuli thanthwe la mwala wofiira wamchenga, lotalika mamita oposa 30, ndipo pamwamba pake ndi pomwe pali High Town: linga, matchalitchi awiri ndi msewu waukulu. Tsidya la kum'mawa, pansi m'chigwa, kuli Low Town. Ndiye kuti thanthwelo linayang'ana kotulukira dzuwa. Chithunzi chimene mukufunacho n'cha m'mawa basi. Ikamakwana 1 koloko masana dzuwa limakhala layamba kupita kuseri kwa High Town, thanthwe lonse n'kulowa mumthunzi, kumwamba kokha kuli mbee.

Pakati pa Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma 7:30. Koma kum'mawa kwa Low Town kuli chitunda cha mitengo, kumene kuli High Rock, chomwe chimalitchinga kwa kanthawi. Choncho kuwala kumayamba kugwira nsonga za matchalitchi, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono ndi nyumba za m'mbali mwa thanthwe mpaka kufika pamlatho. Nthawi yabwino kwambiri ndi pamene theka lam'mwamba lawala koma mtsinje ukadali mumthunzi, poti madzi amdima ndiwo amaonetsa bwino chithunzithunzi cha nyumba zowala. Fikani 6:45, tripod ikhale itaima kale. Imani tsidya la kum'mawa, kumpoto kwa mlatho, ku Severn Park, muziyang'ana kummwera chakumadzulo. Pa 35mm kapena 50mm mlatho, thanthwe ndi denga lobiriwira la tchalitchi cha St Mary Magdalene zimalowa zonse. ISO 100, f/8, timer ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze kamera.

Za mayendedwe: Bridgnorth ilibe siteshoni ya sitima za tsiku ndi tsiku. Kuchokera ku Wolverhampton ndi makilomita pafupifupi 22 pa msewu wa A454. Ngati mukudalira basi, onani ngati yoyamba ikufikitsani dzuwa lisanatuluke, apo ayi kagoneni komweko.

Mbewe_35mm:
Ndionjezere pa za Bambo Jere. Tripod musaiimike pamlatho penipeni ngati shutter ikupitirira theka la sekondi. Galimoto zolemera zikamadutsa pamakhala kunjenjemera kochepa komwe munthu sakumva bwino koma kamera imakumva, njerwa n'kutuluka zosathwa. Komanso kanjira ka oyenda pansi n'kopanikiza. Imani kumapeto kwa mlatho, pafupi ndi kansanja ka wotchi, panthaka yolimba.

Polariser isamaleni. Mukaizunguza mpaka kumapeto imachotsa chithunzithunzi cha tauni pamadzi, chomwe ndicho mwadzukira. Izunguzeni pang'onopang'ono diso lili pa sikirini, muime pamene masamba asiya kunyezimira koma nyumba zikuonekabe m'madzi. Pa 24mm imadetsanso mbali imodzi ya thambo, ina n'kutsala yoyera. Ndipo imadya kuwala pafupifupi ma stop awiri (stop imodzi ndi kudula kuwala ndi theka).

Nangondo:
Pa nkhani ya zakale ija, tiuzane zoona kuti musakalembe zolakwika pansi pa zithunzi. Zambiri zimene maso amaona ku High Town si za m'ma 1100 ayi. M'chaka cha 1646, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku England, asilikali a nyumba ya malamulo anazinga tauniyi, moto n'kupsereza gawo lalikulu la High Town. Tchalitchi cha St Leonard, momwe munkasungidwa wonga wa mfuti, chinawonongeka pamoto womwewo. Town Hall ya mitengo yakuda ndi zipupa zoyera, yomwe yaima pakati pa High Street, inamangidwa moto utadutsa, inatha mu 1652. St Mary Magdalene ndi pulani ya katswiri wa zomangamanga Thomas Telford ya m'ma 1790. St Leonard mmene ikuonekera lero ndi ntchito ya m'zaka za m'ma 1800. Ngakhale chipata cha Northgate, chokhacho chotsala mwa zipata za tauni, chinamangidwanso kwambiri mu 1910.

Chakale chenicheni chomwe mungachiloze ndi chala ndi nsanja ya linga. Lingalo analiyamba Robert de Bellême mu 1101, mfumu Henry I n'kulizinga ndi kumulanda mu 1102. Nkhondo ya 1646 itatha analiphulitsa ndi wonga kuti lisadzagwirenso ntchito, ndipo chidutswa cha nsanja chomwe chinatsala chinapendekeka madigiri 15, pafupifupi kanayi kupendekeka kwa nsanja ya ku Pisa, ku Italy. Palinso mabwinja a nyumba ya ansembe a gulu la Franciscan ya m'zaka za m'ma 1200, m'mbali mwa mtsinje kumpoto kwa mlatho, tsidya la High Town.

Koma chakale china, chomwe ojambula ambiri sachiwerengera, ndi kayalidwe ka tauni: linga kunsonga ya kummwera kwa thanthwe, msewu wa msika wotakata kumpoto kwake, doko m'munsi, ndi msewu wokhotakhota wa Cartway wolumikiza ziwirizi. Nyumba zinasintha, misewu sinasunthe. Chithunzi choonetsa chifukwa chimene anthu anamangira pamenepa, kuti akhale pamwamba n'kumalondera powolokera mtsinje, chimanena zambiri za zaka zimenezo kuposa chithunzi cha zenera lokongola.

Nachisale:
Zikomo mayi Nangondo, izi zandithandiza. Nanga nsanja yopendekekayo? Zithunzi zambiri za pa intaneti zimaoneka ngati wojambula ndiye anapendeketsa kamera.

Bambo Jere:
Pali zifukwa zitatu zimene zimachititsa zimenezo, ndipo zonse zimakonzeka.

Choyamba ndi mbali imene mwaima. Nsanja ikamapendekekera kwa inu kapena kukuthawani, pachithunzi imaoneka ngati yowongoka. Izungulireni kaye kamera ili m'thumba, mupeze pamene ikugwera kumanja kapena kumanzere kwanu. Pamenepo ndi pomwe madigiri 15 onse amaoneka.

Chachiwiri ndi kuloza kamera m'mwamba. Munthu akaima pafupi ndi lenzi ya 24mm n'kuidzutsa kuti nsonga ilowe, mizere yonse yoima imapendekera pakati, mitengo ndi zipupa zomwe. Zonse zikapendekeka, diso silidziwanso chomwe chapendekeka zenizeni. Bwererani kumbuyo mmene munda wa lingalo ungalolere, ikani lenzi pa 50mm kapena 70mm, yatsani level ya m'kamera, ndipo kumbuyo kwa kamera kuime chilili, osaweramira kutsogolo kapena chagada. Ngati nsonga sikulowa, tembenuzani kamera iime choongoka, udzu wochuluka wam'munsi mudzaudula pakompyuta.

Chachitatu: m'chithunzimo mukhale chinthu chimodzi chimene aliyense akudziwa kuti n'choongoka. Tchalitchi cha Telford chili pafupi pomwepo, khoma kapena nsanja yake ikalowa m'mphepete ndiye mwamaliza. Munthu woima chilili patsinde amathandizanso, ndipo amaonetsa kukula kwa chimwalacho. Mukafika pokonza zithunzi musadine batani lowongola lokha mu Lightroom. Pulogalamuyo imatha kutenga nsanjayo ngati mzere woyenera kuwongoka, n'kupendeketsa dziko lonse. Wongolani ndi dzanja, motsata tchalitchi.

Mbewe_35mm:
Vuto lina la Bridgnorth ndi mtundu wofiira. Thanthwe n'lofiira, njerwa n'zofiira, St Leonard n'chofiira, ndiye dzuwa la m'mawa limabwera ndi kufiira kwakenso. White balance, yomwe imayeza mtundu wa kuwala, mukaisiya pa auto, kamera imaganiza kuti pali cholakwika n'kuthira buluu, mwala n'kutuluka wotuwa ngati simenti. Ikani pa daylight, kapena 5500K, muzijambula RAW, fayilo yosakonzedwa ndi kamera. Komanso yatsani histogram ya mitundu itatu, tchati choonetsa kuwala kwa mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Histogram yoyera ija imatha kuonetsa kuti zonse zili bwino pamene mzere wofiira wagunda kale khoma lakumanja. Zikatero mizeremizere ya mumwala, yomwe ndiyo imasonyeza kuti ndi mwala wamchenga, imasungunuka n'kukhala banga limodzi. Tsitsani exposure ndi -0.7, ndipo pokonza musakweze saturation. Mwalawu sufuna kuuonjezera.

Tadala_Foni:
Pepani akuluakulu, enafe tili ndi foni yokha. Palibe chathu pamenepa?

Mbewe_35mm:
Chilipo chambiri, mng'ono wanga. Malo ndi nthawi n'zomwezo. Siyani lenzi ya 0.5x pojambula nyumba, ndi imene imapendeketsa zipupa kwambiri. Gwiritsani 1x kapena 2x, bwererani kumbuyo. Yatsani mizere ya grid, mzere umodzi ugone motsata khoma loongoka. Dinani pamalo owala kwambiri, gwirani chala mpaka itseke, kenako tsitsani kadzuwa kaja pang'ono. M'mamawa tsamiritsani foni pa chitsulo cha mpanda wa m'mbali mwa mtsinje m'malo mwa tripod. Lenzi ipukuteni kawirikawiri, chinyezi cha kumtsinje chimaiphimba msanga.

Nangondo:
Mukatha za kumtsinje, cha m'ma 9 koloko, wolokani mlatho mukwere ndi Cartway. Kwa zaka mazana ambiri ngolo zochokera kudoko zinkakwerera mumsewu umenewu, nthawi imene mabwato a katundu ankadzaza pa Severn njanji isanafike mu 1862. Patsinde pake pali Bishop Percy's House ya 1580, imodzi mwa nyumba zochepa zamitengo zomwe zinapulumuka moto uja. Mukakwera pang'ono muona mapanga osemedwa m'thanthwe, momwe anthu ankakhalamo mpaka 1856. Makomo ake anatsekedwa, koma zipsera za zosemera zikuonekabe mumwala. Jambulani zimenezo chapafupi, pa 70mm, kuwala kukubwera cham'mbali, kuti kadzenje kalikonse kakhale ndi mthunzi wake.

Msewuwu ndi wopapatiza ndipo m'nyumbamo mukukhala anthu. Lamulo la ku UK silikuletsa kujambula uli pamsewu wa aliyense, koma lenzi yaitali kuiloza pazenera la munthu ndi kusowa khalidwe. Tripod ipindeni, jambulani chapamanja: 1/125, ISO ikwere mpaka 800 ngati pakufunika.

Bambo Jere:
Nyumba za mitengo yakuda ndi zipupa zoyera zimavuta padzuwa lowala. Choyera chikakhala bwino, mitengo imada bii osaoneka misempha yake. Mitengo ikaoneka, choyera chimapsa. Tsiku la mitambo ndiye labwino pa nyumba zotere, ndipo ku Shropshire mu Okutobala mitambo siisowa. Dzuwa likakhalapo, yezerani kuwala pakhoma loyera ndi spot metering (kuyeza pakadontho kamodzi kokha), kwezani ndi +1.5 kapena +2, kenako mithunzi mudzaitukula mu RAW. Ine ndimalimbikitsa chithunzi chimodzi choyezedwa bwino, osati HDR, njira yophatikiza zithunzi zingapo zosiyana kuwala.

Mbewe_35mm:
Apa bambo tisiyana pang'ono. Pa nyumba yoyang'ana dzuwa, inde, chimodzi chikwanira. Koma pansi pa Town Hall, pomwe pali zipilala ndi malo amsika, kusiyana kwa mdima wamkati ndi kuwala kwa High Street kumaposa zimene sensa ingatenge kamodzi. Pamenepo jambulani zitatu, -2, 0 ndi +2, motsatizana mwachangu. Chimene chimanyansitsa HDR si njirayo, ndi dzanja lolemera pokonza: kuyeretsa mithunzi yonse mpaka pansi pa nyumba kuwale ngati pabwalo. Mthunzi uzikhalabe mthunzi.

Bambo Jere:
Pamenepo tagwirizana, bola anthu oyenda asatuluke pawiripawiri. Loweruka pamakhala msika, anthu amadzaza, ndiye zithunzi zitatu zimavuta kuzilumikiza. Koma kunena zoona msikawo ndiwo moyo wa msewu umenewo kuyambira kalekale, tauniyi inalandira chikalata cha ufulu wake kwa mfumu Henry II mu 1157. Ine ndingasankhe Town Hall yokhala ndi ogulitsa pansi pake kusiyana ndi yopanda munthu. High Street inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto, choncho mbali ya kummwera ya Town Hall imawala masana. Imani patali ndi 135mm kapena 200mm, nyumba za mbali zonse zibwere pafupi. Dzuwa la kuno ngakhale masana silifika pamutu ngati kwathu: pakati pa Okutobala limakwera madigiri osafika 30, mu Disembala pafupifupi 14 okha. Ndiye lamulo lija loti masana sajambula silikugwira ntchito kwenikweni miyezi imeneyi.

St Mary Magdalene ili ndi msampha wake. Telford sanaigoneke kuyang'ana kum'mawa ngati matchalitchi ambiri; khomo ndi nsanja zili kumpoto, kuyang'ana East Castle Street. Mukafika masana dzuwa limakhala kuseri kwake, likukuthobwani m'maso. Ijambuleni kukakhala mitambo, kapena madzulo dzuwa litangolowa nyale za mumsewu zitayaka.

Nachisale:
Nanga kasitima kokwera thanthwe kaja, ndi sitima ya nthunzi? Zitheka zonse tsiku limodzi?

Mbewe_35mm:
Zitheka. Cliff Railway inatsegulidwa mu 1892. Njanji yake ndi ya mamita 61, imakwera mamita pafupifupi 34. Poyamba inkayendera kulemera kwa madzi, m'zaka za m'ma 1940 anaisinthira ku magetsi. Mabogi ndi awiri, ina ikamakwera ina ikutsika, ndipo zimapambanitsana pakati penipeni. Mphindi imeneyo ndiyo yojambula. Njanjiyo ili mumpata wosemedwa m'thanthwe, choncho dzuwa limafikamo m'mawa mokha. Kuchokera tsidya lina la mtsinje 200mm imaonetsa kutsetsereka kwake. Kuchokera pamwamba, ku Castle Terrace, mumaona bogi ikubwera, madenga ndi mtsinje zili kumbuyo. Imayenda pang'onopang'ono, 1/250 ikwanira. Onani pa webusaiti yawo ngati ikuyenda tsikulo.

Sitima ya nthunzi imayenda pa njanji ya Severn Valley Railway, makilomita pafupifupi 26 kukafika ku Kidderminster. Njanjiyi inatsekedwa mu 1963, anthu odzipereka n'kuitsegulanso mu 1970. Siyiyenda tsiku lililonse, ndipo si sitima zonse zokokedwa ndi injini ya nthunzi, choncho onani ndandanda musananyamuke. Kuchokera ku High Town pali mlatho wa oyenda pansi wokafika kusiteshoni. Nthawi yabwino ndi pamene sitima ikunyamuka, poti ndi pomwe injini imatulutsa nthunzi yambiri, ndipo kukazizira nthunziyo imakhala yochindikala n'kuchedwa kubalalika. Injini n'njakuda, ndiye kamera imafuna kuiwalitsa, nthunzi n'kupsa yonse. Tsitsani exposure ndi -0.7 kapena -1, shutter 1/500. Musadutse mzere wa pulatifomu, ndipo flash musaiyatse kumaso kwa woyendetsa.

Nangondo:
Pafupi ndi siteshoniyo pali kachitunda kotchedwa Panpudding Hill, pomwe asilikali a mu 1646 anaikapo mizinga yawo poombera linga. Ndipo pa Underhill Street, patsinde pa thanthwe, pali khomo la Lavington's Hole, ngalande yomwe anayamba kukumba kuti akaphulitse lingalo chapansi, koma a m'lingamo anagonja isanathe. Khomolo palokha ndi dzenje lotchingidwa chabe. Liphatikizeni ndi thanthwe lonse pamwamba pake, kamera itaima choongoka, kuti woona amvetse chimene ankafuna kuchita.

Tadala_Foni:
Madzi osalala ngati galasi aja amawapanga bwanji?

Bambo Jere:
Ndi fyuluta ya ND, yochepetsa kuwala kuti shutter ikhale yotsegula nthawi yaitali. Masamu ake ndi awa: ngati popanda fyuluta kamera ikupereka 1/60, ND ya ma stop 6 ikufikitsani pa sekondi imodzi, ya ma stop 10 pa masekondi 16. Focus ikani fyuluta isanalowe, kenako sinthirani ku manual, chifukwa kamera siona bwino kudzera mugalasi lakuda chonchi. Zimitsani stabiliser kamera ikakhala pa tripod. Musathamangire f/22 kuti mutalikitse nthawi, chithunzi chimafewa chonse. F/11 ndiye malire abwino.

Koma ganizirani kaye ngati mukufunadi madzi otero. Severn ndi mtsinje wautali kuposa yonse ku Britain, makilomita 354, ndipo pamlatho pamenepa madzi amathamanga, kupota kuseri kwa zipilala. Masekondi 16 amafufuta zonsezo. Pakati pa 1/4 ndi sekondi imodzi mizere ya madzi imatsala, munthu n'kuona kuti mtsinjewu uli ndi mphamvu, ndiponso chifukwa chake mlatho unali chinthu chochilondera. Atsekwe oyera a pamtsinjepo amasanduka mabanga pa shutter yaitali. Mukawafuna, chotsani fyuluta mukwere pa 1/500.

Mbewe_35mm:
Za nkhungu tisaiwale, poti Okutobala ndi mwezi wake. Imabwera usiku ukakhala wopanda mitambo ndi mphepo, kutazizira, madzi akadali ofunda kuposa mpweya. Nyengo ikalosera zotero sinthani pulani: m'munsi simuona kanthu, kwerani ku Castle Walk, kanjira kozungulira m'mphepete mwa thanthwe, mujambule Low Town ndi mlatho zikutuluka mu nkhungu. Pamenepo mwayang'anizana ndi dzuwa, ndiye ikani hood yotchingira lenzi kudzuwa, chotsani fyuluta iliyonse yosafunika, ndipo kwezani exposure ndi +0.7 kapena +1, apo ayi nkhungu ituluka yotuwa ngati utsi. Kapena kwerani ku High Rock tsidya linalo, muone High Town itayandama pamwamba pake. Njira yake ndi ya m'nkhalango, yoterera, ndipo kumapeto kwake ndi phompho, choncho tochi ndi nsapato zogwira pansi n'zofunika.

Mame amagwira galasi lakutsogolo mphindi zochepa zokha. Nyamulani tinsalu tiwiri topukutira, kamodzi kazikhala kouma m'thumba lamkati. Batire yachiwiri isungeninso m'thumba lomwelo, kuzizira kumaimaliza msanga. Polowa m'nyumba yofunda kukamwa tiyi, kamera ikhale m'chikwama chotseka kwa mphindi 20 kapena 30, kuti chinyezi chisalowe mkati mwa lenzi.

Nangondo:
Chenjezo limodzi lalikulu. Severn amasefukira mvula ikagwa kwambiri kumapiri a ku Wales, ngakhale ku Bridgnorth kuli kouma, ndipo madziwo amafika patapita tsiku kapena masiku. Mu Febuluwale 2020 nyumba za m'mbali mwa mtsinje zinalowa madzi. Onani machenjezo a Environment Agency, bungwe la boma loona zachilengedwe, usiku woti mawa mukupita. Madzi akakwera Severn Park ndi tinjira ta m'mphepete zimamira, ndipo gombe lamatope limagumuka pansi pa phazi. Zikatero jambulirani pamwamba basi.

Tadala_Foni:
Mnzanga ali ndi drone yaing'ono, angaulutse?

Mbewe_35mm:
Ayambe walembetsa ku Civil Aviation Authority, bungwe loona za ndege ku UK, ndi kuwerenga malamulo atsopano pa webusaiti yawo, chifukwa amasintha. Malire ndi mamita 120 kuchokera pansi, drone izioneka ndi maso nthawi zonse, ndipo pamwamba pa chikhamu cha anthu, monga tsiku la msika, saulutsa. Mwini malo onyamukirapo ayeneranso kulola.

Nachisale:
Ndiye madzulo nditsirizire kuti? Kapena ndibwerere dzuwa likangopendeka?

Bambo Jere:
Musafulumire achemwali. Dzuwa limalowa cha m'ma 6:15 pakati pa Okutobala, ndipo chisisira cha kuno chimakhalitsa kuposa cha kwathu, kupitirira theka la ola. Bwererani pamalo a m'mawa aja tsidya la kum'mawa. Dzuwa likamalowa thanthwe limakhala lakuda, nsanja za matchalitchi zokha zitadindika pathambo. Chimenecho n'chithunzi china pachokha, yezerani pathambo. Kenako dikirani mphindi 20 mpaka 30. Nyale za m'nyumba ndi za pamlatho zimayaka thambo likadali la buluu, ndipo kuwala kwa ziwirizi kumafanana kwa mphindi ngati 10 zokha. ISO 100, f/8, masekondi 8 mpaka 20, white balance pafupifupi 4000K kuti nyale zisakhale zachikasu kwambiri. Focus ikani ndi dzanja pa nyale imodzi ya pamwamba pa thanthwe, mutakulitsa sikirini kakhumi. Jambulani mphindi ziwiri zilizonse osasuntha tripod, poti kuwala kumasintha mwachangu, ndipo yang'anani histogram, osati kuwala kwa sikirini, komwe mumdima kumanamiza kuti chithunzi chawala mokwanira.